Nkhungu m'Makina Oziziritsa Nyumba

Eyakoni ikachita nkhungu, mphuno ndiyo imayamba kudziwa. Munthu wadina rimoti, kachitseko ka kutsogolo katseguka pang'onopang'ono, ndiye mpweya woyamba kutuluka ukubwera ndi fungo la chinyontho, lolemera, lokakamira kukhosi. Pakatha mphindi khumi fungolo limakhala ngati latha, koma silinathe ayi, mphuno yangolizolowera. Mlendo wolowa m'chipindamo amalimva ali pakhomo pomwe. Eni nyumba ena amathamangira kukagula mankhwala opopera onunkhira, ena amaganiza kuti khoswe wafera kudenga, ena amaitana mmisiri kuti adzawonjezere gasi. Onsewa alambalala vuto. Gwero lake ndi madzi amene makinawo amapanga okha nthawi iliyonse akayaka, ndipo wofuna kuthana ndi nkhungu ayenera kuwalondola madziwo: kumene amachokera, kumene amayenera kupita, ndi pamene amachedwa panjira.

Makina amene anapangidwira chinyezi

Eyakoni yoyamba sinapangidwe pofuna kuziziritsa munthu. Mu 1902, kampani yosindikiza ya Sackett & Wilhelms ku Brooklyn, mumzinda wa New York, inkavutika nyengo yotentha ikafika. Pepala limamwa chinyezi cha mumpweya n'kufufuma pang'ono, likauma n'kubwerera. Chithunzi cha mitundu ingapo chinkasindikizidwa podutsitsa pepala lomwelo m'makina maulendo angapo, ulendo uliwonse mtundu wake, choncho pepala likafufuma pakati pa maulendowo mitundu inkaphonyana, chithunzi n'kuwonongeka. Ntchito yothetsa vutoli inagwera injiniya wa zaka 25, Willis Carrier, wa kampani ya Buffalo Forge. Nzeru yake inali yodutsitsa mpweya pa mapaipi ozizira kuti chinyezi chisanduke madzi n'kutsalira pomwepo. Mpweya unkatuluka wouma, ndipo kuzizira kwake kunangobwera ngati basela.

Makina a lero asintha maonekedwe, koma mfundo ikadali yomweyo. Mpweya wotentha umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ungathe kusunga madzi okwana magalamu 30, pamene pa madigiri 10 sungapitirire magalamu 10. Ukazizira mwadzidzidzi, madzi otsalawo ayenera kutera penapake. Ndi zimene zimachitikira botolo la chakumwa lochokera m'firiji: mukaliika patebulo masana a Disembala limachita thukuta chonsecho silinabooke paliponse. Madziwo achokera mumpweya.

Eyakoni yofala kwathu kuno ndi ya zigawo ziwiri: chimodzi chimapachikidwa pakhoma la m'chipinda, china chokhala ndi kompuresa chimakhala panja. M'chigawo cha m'nyumbacho muli koyilo, timapaipi ta kopa tolowetsedwa m'timasamba tambirimbiri ta aluminiyamu tothithikana. Gasi wozizira akamayenda m'timapaipimo, koyilo imazizira, nthawi zambiri kufika pansi pa madigiri 10. Fani imakoka mpweya wa m'chipinda, kuudutsitsa pa sefa, kenako pa koyilo, n'kuukankhira m'chipinda momwemo uli wozizira. Koyilo imanyowa yonse. Madontho amatsetserekera m'kangalande ka pulasitiki kamene kali pansi pake, n'kulowa m'paipi yodutsa pakhoma mpaka kukadontha panja.

Madziwo si ochepa. Tiyerekeze chipinda cha mamita 4 m'litali, 4 m'lifupi ndi 3 kukwera m'mwamba, ku Salima kapena ku Nkhotakota mwezi wa Januwale, kutentha kuli pa madigiri 30 ndipo chinyezi pa 70 peresenti. Mpweya wa m'chipinda chimenecho wanyamula madzi pafupifupi lita imodzi. Apo sitinawerengere chinyezi chatsopano cholowera pansi pa chitseko ndi m'mipata ya mawindo, chotuluka m'kupuma kwa anthu ogona, ndi cha zovala zoyanikidwa m'nyumba pothawa mvula. M'nyengo yotere eyakoni ya chipinda chimodzi imatha kutulutsa lita ya madzi kapena kuposerapo pa ola limodzi. Amene anaikapo ndowa pansi pa paipi ya panja usiku amadziwa mmene imapezekera m'mawa.

Tsono onjezeranipo fumbi. Sepitembala ndi Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Tete, ndipo makina akugwira ntchito osapuma, ndi miyezi yomwenso fumbi la m'misewu ndi utsi wa tchire lotenthedwa zimadzaza mumpweya. M'nyumba namo muli fumbi lake: timfundu ta khungu la munthu, ulusi wa zofunda ndi makatani, mungu wa maluwa, utsi wa mafuta wochokera kukhitchini. Sefa ya eyakoni ndi ukonde wa mabowo aakulu ndithu. Imagwira zinyalala zikuluzikulu, koma fumbi losalala limadutsa n'kukamatirira pa koyilo ndi pa fani. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, fumbi lija limakhala lonyowa usana ndi usiku, mumdima, m'bokosi lotsekeka. Nkhungu sifuna china choposa pamenepa.

Yatsani tochi

Njere za nkhungu n'zazing'ono moti maso sangazione, ndipo zimauluka paliponse, panja ndi m'nyumba momwe. Palibe nyumba imene ingazithetseretu. Mitundu yopezeka kawirikawiri m'nyumba ndi Cladosporium, Penicillium, Alternaria ndi Aspergillus. Womalizayu alimi amamudziwa kale ngakhale samutchula dzina, pakuti wachibale wake Aspergillus flavus ndi amene amabweretsa chuku ndi poizoni wa aflatoxin mu mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume. Nkhungu sidya chitsulo kapena pulasitiki wa makina. Imadya fumbi lokanirira pamwamba pake, ndipo ikapeza chinyontho sichedwa. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, limalangiza kuti chinthu chikanyowa chiumitsidwe pasanathe maola 24 mpaka 48, chifukwa kupitirira apo nkhungu imayamba kumera.

Kuti mudziwe mmene makina anu alili, azimitseni, mutsegule kachitseko kotulukira mpweya ndi dzanja mosamala, muunike m'kati ndi tochi ya foni. Mudzaona fani yaitali yobulungira, yogona chopingasa, ya timapiko tambirimbiri. Pa makina osamalidwa kapiko kalikonse kamaoneka m'mphepete mwake bwinobwino, pulasitiki akunyezimira. Pa makina ogwidwa timapikoti timakhala titavala ubweya wotuwa kapena wakuda, wokhuthala moti mipata ya pakati yatsala pang'ono kutsekeka, ndipo timadontho takuda tawazika m'makoma a m'kati mpaka pa kachitseko. Mukapukutapo ndi kansalu koyera konyowa, kamabwerako kali bii. Zikafika poipa, tizidutswa takuda timagwera pabedi kapena pansi makina akangoyaka. M'kangalande muja mumakhala ndere yoterera, yotuwa kapena yofiirira, yomwe ndi msakanizo wa nkhungu ndi mabakiteriya, ndipo fungo lalikulu limachokera kumeneko.

Si chakuda chilichonse chimene chili nkhungu. China ndi fumbi ndi mwaye chabe. Koma musataye ndalama kufufuza kuti ndi mtundu wanji. Bungwe la zaumoyo la CDC ku America limanena kuti kuyezetsa sikofunika kwenikweni, popeza kaya ndi mtundu uti, chochita ndi chimodzi, kuichotsa. Kuda kapena kubiriwira kwake sikusonyeza kuopsa kwake. Nkhungu yakuda imene imatchuka m'nkhani, Stachybotrys chartarum, imakonda zinthu monga mapepala ndi mabolodi a siling'i zimene zakhala zonyowa nthawi yaitali. Choncho eyakoni ikamadontha m'nyumba, yang'anani khoma la kumbuyo kwake, siling'i, kabati ndi mabuku amene ali pansi pake, osati makina okha.

Chifuwa cha mwana ndi mapapo a wochira

Nkhungu ya pakhoma imakhala pamalo pake, koma ya mu eyakoni ili ndi fani yoiwazira m'chipinda chotseka zitseko ndi mawindo, momwe munthu amagonamo maola asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Mu 2009 bungwe la WHO linatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi nkhungu m'nyumba, ndipo litasanthula kafukufuku wochokera m'mayiko osiyanasiyana linapeza kuti anthu okhala m'nyumba zotere amavutika kwambiri ndi kutsokomola, kulira m'chifuwa, matenda a njira zopumira, ndi kukula kwa mphumu. Kwa munthu wathanzi nthawi zambiri zimathera pa kuyetsemula, mphuno zotsekeka, maso oyabwa ndi kukhosi kokanda. Chizindikiro chofunika kuchisamala ndi ichi: chimfine chimene chimakula usiku ndi m'mawa, n'kupepuka munthu akapita kuntchito kapena akachoka pakhomo masiku angapo, n'kubwereranso akagona m'chipinda chomwe chija.

Pali anthu ena amene nkhaniyi kwa iwo si ya chimfine. Makanda, okalamba ndi odwala mphumu ali m'gulu limeneli. Mu Disembala 2020, ku Rochdale m'dziko la England, mwana wa zaka ziwiri anamwalira ndi vuto la kupuma, ndipo mu Novembala 2022 woweruza wofufuza za imfayo anagamula kuti chinamupha ndi kukhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu. Nkhungu imeneyo inali ya m'makoma, osati ya mu eyakoni, koma mapapo a mwana sasiyanitsa.

Gulu limene limandidetsa nkhawa kwambiri m'dera lathu lino ndi la anthu amene anadwalapo chifuwa chachikulu cha TB. Matendawa akachira nthawi zina amasiya mphako m'mapapo, ndipo njere za Aspergillus zimatha kukhazikika m'mphakomo n'kumera. Munthu amayamba kutsokomola kosatha, kuwonda, kutopa, mwinanso kulavula magazi, ndipo iye ndi abale ake amaganiza kuti TB yabwerera. Amene chitetezo chawo cha m'thupi chatsika kwambiri chifukwa cha HIV kapena mankhwala a khansa alinso pa chiopsezo. Sindikunena kuti eyakoni ndiyo yokha imabweretsa njerezi, chifukwa zili ndi m'dothi, m'manyowa ndi m'nkhokwe momwe. Koma palibe chifukwa choti munthu wotere azigona pansi pa makina ozipemerera kumaso kwake, ndipo asakhale iye wokwera pa mpando kukatsuka. Zizindikiro zikapitirira apite kuchipatala, ndipo akauze adokotala za chipinda chimene amagonamo.

Ena akamva za matenda a mu eyakoni amakumbukira a Legionnaires, amene anadwalitsa anthu 221 ndi kupha 34 mu 1976, pa nthawi ya msonkhano wa asilikali akale ku hotela ya Bellevue-Stratford mumzinda wa Philadelphia. Amenewo anayamba ndi bakiteriya, osati nkhungu, ndipo amafalikira kudzera m'nsanja zikuluzikulu zoziziritsira ndi madzi za m'mahotela ndi m'mafakitale. Eyakoni ya m'nyumba kapena ya m'galimoto sigwiritsa ntchito madzi poziziritsa mpweya, choncho mantha amenewo musawasenze.

Kutsuka

Choyamba ndi magetsi. Kuzimitsa pa rimoti sikokwanira. Zimitsani pa switchi ya pakhoma kapena pa bokosi la magetsi, chifukwa mudzagwira madzi pafupi ndi mawaya. Tsegulani mawindo, tulutsani ana ndi odwala, yalani pepala la pulasitiki pabedi ndi pansi. Valani magolovesi, magalasi oteteza maso ndi masiki ya N95. Ya nsalu ija siitchinga njere bwino.

Masefa ndi ntchito yopepuka. Kwezani chivundikiro cha kutsogolo, asololeni, mukawatsukire panja ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale. Musawakutumulire m'nyumba. Ayanikeni pamthunzi mpaka aume gwa, chifukwa dzuwa lamphamvu ndi madzi otentha zimapinda pulasitiki, ndipo sefa yobwezeredwa ili yonyowa imabwezera vuto lomwe mukulithawa. Opanga makina ambiri amalangiza kutsuka masefa milungu iwiri iliyonse m'nyengo imene makina akugwira ntchito tsiku ndi tsiku. Kachitseko, m'kamwa mwa makina ndi pena paliponse pamene dzanja likufika pukutani ndi kansalu konyikidwa m'madzi a sopo, kenako kouma. Timapiko ta fani tingatsukidwe ndi mswachi wakale, kapiko kamodzikamodzi, uku mukuzunguza faniyo ndi chala. Ndi ntchito yotopetsa khosi, koma ndi pomwe pamakhala uve wochuluka.

Apa ndi pamene ambiri amatenga botolo la Jik, poti ndi amene amapha chilichonse. Pa matailosi, pa simenti ndi pa khoma lopentedwa amathandizadi, bola asapitirire kapu imodzi m'madzi okwana pafupifupi malita 4. Koma pa koyilo ayi. Amadya aluminiyamu ndi kopa, ndipo pakapita nthawi timapaipi timabooka, gasi n'kuyamba kuthawa. Mwachiza fungo n'kupha makina. Choopsa koposa ndi kumusakaniza ndi viniga kapena mankhwala otsukira okhala ndi ammonia. Msakanizo umenewo umatulutsa mpweya wa poizoni wowotcha maso ndi mapapo, ndipo m'chipinda chotseka munthu angathe kukomoka. Komanso kupha nkhungu si kuichotsa. Nkhungu yakufa imayabwitsa ndi kutsokomoletsa ngati yamoyo, choncho kuipopera mankhwala n'kuisiya pomwepo sikuthandiza wodwala mphumu. Iyenera kutsukidwa n'kutuluka m'nyumba. Mankhwala onunkhiritsa nawo amangowonjezera zomata pa koyilo zoti fumbi likakamirepo.

Koyilo imafuna dzanja lofatsa. Timasamba take timapindika ndi chala chokha, ndiponso timacheka. Fumbi la pamwamba lichotseni ndi burashi yofewa motsatira mizere, kuchoka m'mwamba kutsika pansi, osati mopingasa. Pali mankhwala a thovu opangidwira koyilo amene amasungunula uve n'kutsikira m'kangalande. Kumbali imodzi ya makina, kawirikawiri kumanja, kuli bokosi la mawaya ndi kabolodi koyendetsa zonse; dontho lisafikeko.

Nkhungu ikakhala yokhuthala, kapena fungo likabwerera pasanathe milungu ingapo, itanani mmisiri, ndipo khalani pomwepo akamagwira ntchito. Mmisiri wodziwa amachotsa chikuto chonse cha pulasitiki, amakulunga bokosi la mawaya, amapachika thumba lalikulu lolandirira madzi pansi pa makina, n'kutsuka koyilo ndi fani ndi kapampu ka mphamvu yochepa. Madzi oyamba kutsikira m'ndowa amakhala akuda bii, ndipo amapitiriza mpaka atayera. Ngati fani yagwidwa kwambiri amaizula n'kukaitsukira panja. Wina amangotsuka masefa, n'kupopera konunkhira, n'kunena kuti, "Bwana, vuto ndi gasi, watha." Gasi wa mu eyakoni sathera ntchito ngati mafuta a galimoto, amazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake pabooka, pofunika kupapeza ndi kupatseka. Makina a koyilo ndi fani zotsekeka ndi uve amaziziritsa mofooka ngakhale gasi ali wokwanira. Si mwano kunena kuti, "Amisiri, tatsegulani kaye tione fani ndi kangalande, za gasi tikambe pambuyo." Mapaipi a gasi ndi chigawo cha panja ndi zawo amisiriwo, musazigwire: muli mphamvu yaikulu ya mpweya, muli kapasita wosunga magetsi ngakhale makina atazima, ndipo gasi wa R32 amene ali m'makina ambiri atsopano amatha kuyaka.

Njira ya madzi

Kutsuka konseku kumagula miyezi yochepa chabe ngati madzi akuchedwabe m'makina. Yesani motere: makina ali ozima, thirani kapu ya madzi pang'onopang'ono m'munsi mwa koyilo kuti alowe m'kangalande, wina aime panja pa paipi. Madzi ayenera kutuluka nthawi yomweyo, ndipo onse. Akachedwa, akamadontha mwa apo ndi apo, kapena akasefukira pakhoma la m'nyumba, njira yatsekeka kapena inalakwika poika.

Zotseka n'zambiri: ndere, fumbi loumbika, nyerere, mphemvu zakufa, tizilombo tomanga zisa za dothi kukamwa kwa paipi m'miyezi imene makina sakugwira ntchito. Zolakwika poika nazonso n'zofala. Chigawo cha pakhoma chikapendekekera mbali yosiyana ndi kumene kuli paipi, madzi amakhazikika pakona ya kangalande chaka chonse. Bowo la pakhoma liyenera kutsetserekera kunja. Likabooledwa mokwera, madzi amabwerera. Paipi yotalika imene yalendewera pakati imasunga madzi m'chigwa chakecho, ndipo imene mapeto ake amira m'ndowa yodzaza imatsamwa. Ndowayo muziikhuthula tsiku lililonse, kuopa kuweta udzudzu pansi pa windo la kuchipinda. Madzi ake ndi abwino kuthirira maluwa kapena kukolopera, koma osamwa, poti adutsa m'uve wonse uja.

Kuti muone kuti nkhaniyi yagona pa madzi, taonani zimene zinachitika ku America mu Juni 2025. Bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, linalengeza kuti kampani ya Midea ikuitanitsa maeyakoni a pawindo pafupifupi 1.7 miliyoni kuti akonzedwe kapena ogula abwezeredwe ndalama. Makinawo ankaziziritsa bwino lomwe. Cholakwika chinali chakuti madzi odikha m'kati sankatuluka mofulumira mokwanira, nkhungu n'kumera, ndipo ogula ena anadandaula za kutsokomola, kuyetsemula ndi zilonda za kukhosi. Ngati kachilema kotere kangavutitse makina atsopano ochokera kufakitale, nanga paipi yoikidwa mothamanga Loweruka madzulo?

Kukula kwa makina nakonso kuli ndi mbali. Wogula amaganiza kuti eyakoni yaikulu ndiyo yabwino, wogulitsa naye sakana. Koma makina aakulu m'chipinda chaching'ono amatsitsa kutentha m'mphindi zochepa, kompuresa n'kuzima isanachotse chinyezi chokwanira. Chipinda chimakhala chozizira koma chonyowa, zofunda zimamveka zomata, nsapato ndi malamba a chikopa m'kabati zimachita nguwi. Makina oyenerana ndi chipinda amayenda nthawi yaitali mofatsa, ndipo ndi kuyenda kotereku kumene kumaumitsa mpweya. EPA imalangiza kuti chinyezi cha m'nyumba chikhale pansi pa 60 peresenti, makamaka pakati pa 30 ndi 50. M'mbali mwa nyanja nthawi ya dzinja 50 ndi wovuta kumufikira, koma 60 ndi wotheka, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi, hygrometer, kamathandiza kuti musamangoganizira.

Zotsalazo ndi zizolowezi. Kuika makina pa madigiri 16 sikufulumizitsa kuzizira kwenikweni. Kumangochititsa kachitseko ndi pulasitiki wa m'kamwa kuzizira mpaka kuchita thukuta. Madigiri 24 mpaka 26 amakwanira kugona bwino, ndipo mayunitsi a magetsi amakhalitsa. Kuyatsa makina windo lili lotsegula ndi kuwapatsa ntchito youmitsa mpweya wa dziko lonse, koyilo n'kumangokha madzi osaleka. Masiku a mvula, pamene kunja sikukutentha kwambiri koma thupi likumata, dinani Dry m'malo mwa Cool.

Chizolowezi chimene ndimachiona kuti chimaposa zonse ndi ichi: musanazimitse makina, asiyeni pa Fan kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Kompuresa imapuma, mpweya wokha n'kumadutsa pa koyilo ndi pa fani mpaka ziume. Chinyezi china chimabwerera m'chipinda, n'chifukwa chake ndi bwino kuchita izi m'mawa mukamatsegula mawindo, osati kusiya fani ikuzungulira tsiku lonse m'nyumba yotseka. Makina ena atsopano amachita zimenezi okha akazimitsidwa, ndipo eni ake poona fani ikuyendabe amaganiza kuti awonongeka, n'kuthamangira kuzimitsa pakhoma. Asiyeni amalize. Magetsi akathima pakati pa usiku makina ali pakati pa ntchito, koyilo imatsala yonyowa m'bokosi lotsekeka. Akabwera, ngati simukufunanso kuzizira, yatsanibe pa Fan kwakanthawi. Madalaivala angachite chimodzimodzi m'galimoto, kuzimitsa AC n'kusiya fani mphindi zingapo asanafike kumene akupita.

Kutentha kukatha, cha mu Epulo kapena Meyi, makina ambiri amapuma mpaka Ogasiti kapena Sepitembala. Asapume ali onyowa ndi akuda. Tsukani masefa, yesani njira ya madzi, yendetsani pa Fan maola angapo tsiku louma, ndiye muzimitse. Kumadera a chiperoni monga Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, kumene Juni ndi Julayi amabwera ndi chifunga ndi mvula yowaza, ndi bwino kuwayatsa pa Fan mwa apo ndi apo m'miyezi imeneyo. Eni malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay ali ndi vuto lomweli m'zipinda zimene zimakhala zotseka milungu ingapo pakati pa alendo.

Nyumba zambiri za ku America, ndiponso mahotela ndi maofesi ena akuluakulu a m'mizinda yathu, zimagwiritsa ntchito makina amodzi otumiza mpweya m'zipinda zonse kudzera m'mipita yobisika kudenga. Kumeneko nkhungu ikalowa imayenda nyumba yonse, ndipo si ntchito ya mswachi. EPA imalangiza kuti makina otere asayatsidwe ngati akuganiziridwa kuti ali ndi nkhungu, mpaka akatswiri atawaona. Mipita ya chitsulo chosalala imatsukika, koma ina imakutidwa m'kati ndi ubweya wa galasi, fibreglass, ndipo umenewo ukanyowa n'kuchita nkhungu sutsukika, umafunika kuchotsedwa n'kuika wina. Bungwe lomweli limati nkhungu ya pakhoma kapena pa siling'i ikakula kupitirira pafupifupi mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ntchitoyo yaposa ya mwini nyumba yekha.

Lamulo loti chinthu chomwa madzi chikachita nkhungu chichotsedwe limagwiranso pa makina aang'ono. Mu eyakoni ya pawindo, ndi m'zigawo zina za ya pakhoma, muli thovu louma loyera ndi timasiponji totsekera mipata. Nkhungu ikalowerera m'zimenezi, kupukuta pamwamba sikuifikira. Mmisiri angathe kusintha zidutswazo ngati zikupezeka. Ngati sizikupezeka, makina ndi akale, atsukidwa bwino kawiri koma fungo likubwererabe, ndipo m'chipindamo mumagona khanda, wodwala mphumu kapena munthu wochira TB, achotseni. Fani wamba ya patebulo kapena ya kudenga, windo la sefa ya udzudzu ndi neti zigwire ntchito mpaka ndalama za makina ena zitapezeka. Wokhala m'nyumba ya lendi ajambule zithunzi za fani ndi za khoma lodontha, awatumizire eni nyumba, ndipo agwirizane molemba kuti wolipira mmisiri ndi ndani ntchito isanayambe.